Alessandro Volta: mwana wochedwa kuyankhula amene dzina lake lili pa batire lililonse

Dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi, ntchito yambiri imatsala m'manja mwa batire. Pa Malomo, pa Khuwi, ngakhalenso pa boma penipeni magetsi akathima, wometa tsitsi, wotchajitsa mafoni ndi woonetsa mpira onse amadalira kabokosi kolemera kamene kali pansi pa tebulo, kamene katha tsiku lonse kakulandira mphamvu kuchokera pa sola ya padenga. Kuchipatala chaching'ono nakonso n'chimodzimodzi. Matenda a mayi woyembekezera akayamba pakati pa usiku, namwino amafuna kuwala nthawi yomweyo, sangadikire kuti kuche.

Tsiku lina mudzawerame n'kuwerenga zimene zalembedwa pambali pa batirelo. Mudzapeza nambala 12 ndi chilembo V. Pa batire la tochi kapena la wailesi palembedwa 1.5V. Chilembo chimenechi chimaimira volt, muyeso wa mphamvu imene imakankha magetsi kuti ayende m'waya, ndipo mawuwa anachokera ku dzina la munthu. Munthuyo ndi Alessandro Volta wa ku Italy, amene anaonetsa dziko batire loyamba m'chaka cha 1800. Papita zaka pafupifupi 200 chimwalirireni, koma funso limene linamusowetsa tulo ndi lomwe likutisowetsa tulo ife lero: kodi magetsi tingawagwire bwanji kuti azituluka pang'onopang'ono, pa nthawi imene tikuwafuna?

Mwana amene anadetsa nkhawa makolo

Volta anabadwa pa 18 Febuluwale 1745 mumzinda wa Como, m'mphepete mwa nyanja yozunguliridwa ndi mapiri kumpoto kwa Italy. Bambo ake anali Filippo Volta ndipo mayi ake anali Maddalena Inzaghi. Banjali linali la dzina lotchuka koma losowa ndalama.

Olemba mbiri yake amati mwanayu anafika zaka pafupifupi zinayi asanayambe kuyankhula, moti achibale ankaopa kuti mwina ndi wosalankhula kapena mutu wake sugwira bwino. Atayamba kuyankhula, sanatenge nthawi kuti afanane ndi anzake, ndipo kusukulu anakhala m'gulu la ana ogwira zinthu msanga. Izi sizikutanthauza kuti mwana akachedwa kuyankhula makolo azingokhala n'kumadikira. Mwana wotere ayenera kukaonedwa kusikelo kapena kuchipatala, makamaka kuti amuyeze makutu, chifukwa vuto likadziwika msanga thandizo limagwira bwino. Chimene mbiri ya Volta ikutikumbutsa n'chakuti mwana satayidwa chifukwa cha mmene wayambira.

Ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, bambo ake anamwalira, ndipo maphunziro ake anakhala m'manja mwa achibale a bambo ake amene anali ansembe. Anaphunzira pasukulu ya ansembe a Chijezwiti ku Como komweko. Ena ankafuna kuti adzakhale wansembe, ena loya, koma mtima wa mnyamatayu unali pa zinthu zachilengedwe. Sanapite kukaphunzira kuyunivesite. Zambiri zokhudza magetsi anaziphunzira yekha powerenga mabuku ndi kuyesa zinthu m'nyumba ya mnzake Giulio Cesare Gattoni, amene anali ndi zipangizo. Ali ndi zaka 18 anali atayamba kale kulemberana makalata ndi akatswiri odziwika a nthawiyo, ndipo mu 1769, ali ndi zaka 24, anatulutsa nkhani yake yoyamba ya sayansi.

Magetsi a nthawi imeneyo

Kuti timvetse ntchito ya Volta, tiyenera kudziwa kuti pa nthawiyo kunalibe getsi, kunalibe waya wa m'misewu, kunalibe makina oyendera magetsi. Magetsi amene anthu ankawadziwa ndi omwe aja amathetheka mukamavula juzi ya nayiloni mumdima m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, kapena amene amachititsa chipeso kukoka timapepala mukachipukuta pa tsitsi. Akatswiri ankawapeza pokhutiza galasi ndi nsalu kapena chikopa.

Chapanthawi imene Volta ankabadwa, akatswiri ena ku Germany ndi ku Leiden m'dziko la Netherlands anatulukira botolo lotha kusunga magetsi oterewa. Vuto lake linali limodzi: ukangolikhudza, mphamvu yonse inkatuluka kamodzi n'kamodzi ngati mphezi yaing'ono, botolo n'kutsala lopanda kanthu. Zinali ngati kukhala ndi mgolo wa madzi wopanda mpope, woti ukafuna kumwa uyenera kuugubuduza wonse. Magetsi otere ankasangalatsa anthu pa zionetsero, koma sankagwira ntchito yooneka.

Mu 1774 Volta anapatsidwa ntchito pasukulu ya boma ku Como, kumene anayamba kuphunzitsa sayansi. Chaka chotsatira anakonza chipangizo chotchedwa electrophorus, chimene munthu ankachipukuta kamodzi n'kumatengapo timagetsi kambirimbiri. Chipangizochi chinamutchukitsa m'mayiko a ku Ulaya.

Mpweya wa m'dambo ndi mbatata ya kachewere

Mu Novembala 1776, ali m'bwato pa nyanja ya Maggiore pafupi ndi mudzi wa Angera, Volta anatakasa matope a m'mabango ndi ndodo n'kuona tithovu tikukwera. Aliyense amene anapondapo m'dambo la ndiwo za madimba amatidziwa tithovu timeneti. Iye anatola mpweyawo m'mabotolo, ndipo atauyesa anapeza kuti umayaka. Umenewu ndi mpweya wa methane, womwe lero anthu ena amaphikira akautenga ku ndowe za ng'ombe kapena za nkhumba zoikidwa m'dzenje lotsekedwa bwino. Apa ndi pamene khalidwe la Volta likuonekera. Chinthu chimene anthu ambiri anachiona n'kudutsa, iye anaima n'kuchiyeza.

Sanali munthu wa m'mabuku okha. Atayenda ulendo wodutsa m'mapiri a Alps mu 1777, anakhala mmodzi mwa anthu amene analimbikitsa alimi a kwawo kudzala mbatata ya kachewere, imene ambiri kumeneko anali asanaizolowere. Mlimi wa ku Ntchisi kapena ku Dowa amene amalipirira ana sukulu ndi mbewu imeneyi akanagwirizana naye.

Chakumapeto kwa 1778 anasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa sayansi pa yunivesite ya Pavia, kumene anakhala zaka pafupifupi 40. Ophunzira ankadzadza chipinda chake moti akuluakulu anachita kumumangira china chokulirapo. Mu 1781 ndi 1782 anayenda ku France, Netherlands ndi England, kumene anakumana ndi akatswiri monga Antoine Lavoisier.

Mkangano wa miyendo ya chule

Chimene chinasintha moyo wa Volta chinachokera kwa dokotala. Luigi Galvani, mphunzitsi wa za thupi la munthu ku Bologna, anaona kuti mwendo wa chule wakufa unkakankha ngati wamoyo akaukhudza ndi zitsulo. Mu 1791 anasindikiza zimene anapeza, ndipo anafotokoza kuti m'thupi la nyama muli magetsi ake, ndipo zitsulo zimangowapatsa njira.

Poyamba Volta anachita chidwi ndipo anavomereza. Koma atabwereza ntchitoyo mobwerezabwereza, anaona chinthu china: mwendo unkakankha mwamphamvu pamene zitsulo ziwirizo zinali zosiyana mitundu. Anayamba kuganiza kuti magetsi sakuchokera mwa chule, koma pamene zitsulo ziwiri zosiyana zakumana ndi chinthu chonyowa. Kwa iye chule anali ngati sikelo chabe yosonyeza kuti magetsi adutsa.

Popeza zipangizo zoyezera timagetsi tochepa chotero zinali zosowa, anagwiritsa ntchito thupi lake. Anaika kachitsulo kamtundu wina kunsonga kwa lilime, ndalama yasiliva chapakati, ndipo zitsulozo zikagundana ankamva kuwawasa m'kamwa. Pa ntchito imeneyi bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society ku London linamupatsa mendulo ya Copley mu 1794. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 49, anakwatira Teresa Peregrini, ndipo anabereka ana aamuna atatu: Zanino, Flaminio ndi Luigi.

Mkangano wa Volta ndi Galvani unagawa akatswiri ku Ulaya kwa zaka zambiri, koma awiriwa ankatsutsana pa mfundo, osati kunyozana. Galvani anamwalira mu 1798 ali wosauka, atachotsedwa ntchito chifukwa chokana kulumbira kuti adzamvera boma latsopano limene asilikali a ku France anakhazikitsa m'dera lake. Sanaone mapeto a nkhaniyi. Lero tikudziwa kuti onse awiri anali ndi mbali imene analondola. Zitsulo ziwiri zosiyana ndi madzi amchere zimatulutsadi magetsi. Komanso mitsempha ndi mtima wa munthu zimagwiradi ntchito ndi timagetsi, ndipo ndi timeneti timene makina a ECG amajambula kuchipatala akamayeza kagundidwe ka mtima.

Mulu wa zitsulo

Kuti athetse mkangano, Volta anafuna kutulutsa magetsi popanda chule kapena nyama iliyonse. Nzeru ina anaitenga ku nsomba. M'nyanja ya Mediterranean muli nsomba yotchedwa torpedo imene imamenya ndi magetsi, monga imachitira nsomba ya nyesi imene asodzi a kuchigwa cha Shire amaidziwa. Akatswiri anali ataona kale kuti chiwalo chotulutsa magetsi cha torpedo chili ngati timbale tambirimbiri tosanjikizana. Volta anaganiza zotengera kamangidwe kameneko.

Chakumapeto kwa 1799 anadula tizitsulo tozungulira ngati ndalama. Anaika ka mkuwa kapena ka siliva pansi, ka zinki pamwamba pake, kenako kachikatoni konyowetsedwa m'madzi amchere. Pamwamba pake anabwerezanso: mkuwa, zinki, kachikatoni konyowa, mpaka mulu unatalika. Atakhudza pansi ndi pamwamba pa muluwo ndi manja onyowa, anamva nyesi. Atakhudzanso, anaimvanso. Sinathe kamodzi ngati ya m'botolo lija. Kwa nthawi yoyamba munthu anali ndi magetsi oyenda mosalekeza. Anaonanso kuti akawonjezera tizitsulo, mphamvu inkakula.

Chimene chimachitika m'katimo n'chakuti zinki imadyeka pang'onopang'ono m'madzi amcherewo, ndipo ikamadyeka imasiya tinthu ting'onoting'ono kwambiri totchedwa ma electron. Tinthuti timafuna njira yopitira ku mkuwa, ndipo waya akalumikizidwa timadutsa mmenemo. Kuyenda kwaketo ndiye magetsi. Choncho batire silisunga magetsi ngati madzi m'ndowa. Limasunga mphamvu m'zitsulo ndi mankhwala, n'kumaisandutsa magetsi pamene yafunika. Volta mwiniwake sanamvetse mbali imeneyi. Mpaka imfa yake ankakhulupirira kuti kugundana kwa zitsulo ndiko kumabala magetsi, ndipo anali akatswiri a pambuyo pake amene anaonetsa kuti gwero lake ndi kudyeka kwa chitsulo.

Pa 20 Malichi 1800 analemba kalata m'Chifalansa kupita kwa Joseph Banks, mtsogoleri wa Royal Society, yofotokoza kapangidwe konse. Sanabise kanthu. M'kalatamo anafotokozanso zimene anamva atalowetsa tizitsulo tolumikizidwa ku muluwo m'makutu mwake: kugwedezeka m'mutu ndi phokoso ngati la phala likuwira. Anaona kuti n'zoopsa ndipo sanabwerezenso. Ana asayese zoterezi.

Patangopita milungu yochepa, William Nicholson ndi dokotala wa maopaleshoni Anthony Carlisle anapanga mulu wawo ku London n'kugawa madzi kukhala mipweya iwiri, hydrogen ndi oxygen. Mu 1807 Humphry Davy anagwiritsa ntchito mabatire akuluakulu potulukira sodium ndi potassium, zomwe zili m'gulu la michere ya mu thanzi ORS amene timapatsa mwana wotsekula m'mimba. Pafupifupi zonse zimene zinatulukiridwa pa magetsi m'zaka makumi angapo zotsatira zinayambira pa mulu wa Volta.

Ulemu, chisoni ndi imfa

Mu Novembala 1801 Volta anaitanidwa ku Paris kukaonetsa chipangizo chake pamaso pa akatswiri, ndipo Napoleon Bonaparte, amene ankalamulira France, anabwera yekha kudzaonerera. Anamupatsa mendulo yagolide ndi ndalama. Mu 1809 anamuika m'nyumba ya malamulo ya ufumu wa Italy, ndipo mu 1810 anamupatsa udindo waulemu wa Count.

Koma Volta sanali wokonda za kunyumba za mafumu. Pambuyo pa batire sanatulukirenso chinthu china chachikulu, ndipo nthawi yambiri ankafuna kukhala ndi banja lake n'kumaphunzitsa ana ake. Mu 1814 mwana wake Flaminio anamwalira ali ndi zaka 18, ndipo imfa imeneyi inamufooketsa kwambiri. Mu 1819 anapuma pa ntchito n'kubwerera kwawo. Anamwalira pa 5 Malichi 1827 ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa m'manda ku Camnago, mudzi umene lero umatchedwa Camnago Volta. Mu 1881, pa msonkhano wa akatswiri a magetsi ku Paris, anagwirizana kuti muyeso wa mphamvu yokankha magetsi uzitchedwa volt. Ndi mmene dzina la mwana wochedwa kuyankhula uja linafikira pa batire la m'nyumba mwanu.

Chimene Volta anasiya chosatha

Mulu wa Volta unali ndi zofooka. Tizikatoni tinkauma, zinki inkadyeka, ndipo ikatha panalibe njira yoibwezeretsa. Linali batire longa la tochi, lotha n'kutayidwa. Amene anapeza njira yobwezeretsa mphamvu anali Gaston Planté wa ku France. Mu 1859 anamiza zitsulo za mtovu m'madzi a asidi n'kuona kuti batire lotere likatha, ukhoza kulowetsamo magetsi ochokera kwina, zitsulozo n'kubwerera mmene zinalili. Ili ndiye batire la galimoto ndi la sola limene timatchaja. M'kati mwake muli zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chotulutsa ma volt awiri, zolumikizidwa mondondozana ngati tizitsulo ta Volta. Ndi chifukwa chake palembedwa 12V.

Mu 1991 kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium, opepuka koma osunga mphamvu yambiri. Ndi amene ali m'foni mwanu. Akatswiri atatu amene anawatulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Mitengo yake itatsika, mayiko anayamba kuwalumikiza masauzandemasauzande m'makontena kuti azithandiza magetsi a dziko lonse. Mu 2017 ku Hornsdale, kummwera kwa Australia, anayatsa batire la ma megawatt 100, limene panthawiyo linali lalikulu kuposa onse a mtundu wake.

Batire la dziko lonse

Kuno kwathu nkhaniyi si yakutali. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera pa mtsinje umodzi, wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa kapena akasefukira, dziko lonse limamva. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, ndipo ma megawatt pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Amene anali m'zipatala nthawi imeneyo akukumbukira phokoso la majenereta ndi nkhawa ya dizilo.

N'chifukwa chake dziko layamba kudaliranso dzuwa. Mu 2021 ku Salima, boma loyandikana ndi Ntchisi ndi Dowa, anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a ma megawatt 60. Koma dzuwa lili ndi khalidwe lake. Mtambo ukadutsa, mphamvu imatsika mwadzidzidzi, ndipo zimenezi zimagwedeza magetsi m'mawaya a dziko lonse. Komanso dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko madzulo, nthawi yomwe anthu amayatsa magetsi, kuphika ndi kutsegula wailesi za kanema. Pamene mphamvu ikufunika kwambiri ndi pamene sola imagona.

Yankho lake ndi batire lalikulu. Ku Golomoti m'boma la Dedza, malo a magetsi a dzuwa a ma megawatt 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 ali ndi mabatire a lithium otha kupereka ma megawatt 5 kwa maola awiri. Amenewa ndi mayunitsi 10,000, omwe aja timagula a mita ya magetsi. Batire lalikulu la sola ya panyumba, lolembedwa 12V 100Ah, limasunga yuniti imodzi ndi pang'ono, ndiye kuti la ku Golomoti likufanana ndi mabatire otere oposa 8,000. Chakumapeto kwa 2024 inayambanso ntchito yomanga batire la ma megawatt 20 pa malo a ESCOM ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, ndi thandizo la bungwe la Global Energy Alliance for People and Planet.

Batire lotere silipanga magetsi. Limalandira pamene alipo ochuluka n'kubweza pamene achepa, monga nkhokwe imene imalandira chimanga nthawi yokolola n'kudyetsa banja mu Januwale. Ubwino wake waukulu ndi changu. Mtambo ukaphimba sola ku Salima, batire limatha kulowererapo sekondi isanathe, pamene makina a pamtsinje amafuna kanthawi kuti awonjezere mphamvu. Lokha silingathetse kuthimathima kwa magetsi, popeza nkhokwe sidzaza ngati munda sunabereke. Koma limachepetsa kugwa kwadzidzidzi kwa magetsi, ndipo popeza mawaya a dziko lonse ndi olumikizana, phindu lake limafika mpaka pa chipatala cha boma cha Ntchisi, pamene makina opereka mpweya wa oxygen kwa mwana wodwala chibayo sayenera kuima.

Kumudzi, kumene waya sanafike

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno anali ndi magetsi a ESCOM, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'tauni. M'midzi yambiri ya Ntchisi, boma la anthu oposa 300,000, batire la panyumba ndi la pachipatala chaching'ono ndilo lonse limene lilipo.

Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya amadziwa kuti katemera wambiri amafunika kukhala pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kale mafiriji a sola ankadalira mabatire a mtovu kuti agwire ntchito usiku, ndipo batire likafa, firiji inkafanso ngakhale sola ili bwinobwino. Ndi chifukwa chake mafiriji ambiri atsopano a katemera alibe batire. Masana amaumitsa madzi amene ali m'zipupa zake, ndipo usiku madzi oumawo amasunga kuzizira. Kumeneku n'kusunganso mphamvu ya dzuwa, koma mwa njira ina. Firiji yotere imafuna kuti sola izipukutidwa fumbi, isaphimbidwe ndi mthunzi wa mtengo, ndipo chitseko chisatsegulidwe popanda chifukwa.

Batire la mtovu limakhalitsa ngati salimaliza mphamvu mpaka kuzimiratu. Ngati ndi lothira madzi, muthiremo madzi a batire okha, osati a pa mjigo kapena a pachitsime, chifukwa michere ya m'madzi amenewa imawononga zitsulo. Likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, choncho likhale pamalo podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi pogona ana.

Batire likafa

Apa ndi pamene makolo ayenera kutchera khutu. Mtovu ndi poizoni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosaopsa. Ana aang'ono ndiwo amavulala kwambiri, chifukwa amakwawa pansi, amaika manja m'kamwa, ndipo matupi awo amayamwa mtovu wambiri kuposa akuluakulu. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula. Mwana akhoza kuchedwa kuyankhula, kuvutika kumvetsa za m'kalasi, kuchepa magazi kapena kumva m'mimba kupweteka, ndipo nthawi zambiri sipaoneka chizindikiro mpaka zinthu zitawonongeka kale. Kwa mayi woyembekezera, mtovu umadutsa n'kufika kwa mwana ali m'mimba.

Choncho batire lakufa lisaswedwe pakhomo, ndipo mtovu wake usasungunulidwe pa moto wophikira kapena pabwalo pamene ana amasewera. Fumbi lake limakhala m'dothi kwa zaka zambiri. Chibokosi chake chisasandutsidwe momwera nkhuku kapena mosungira madzi ndi mchere. Lisungeni lathunthu, loimirira, pamalo pouma pamene ana safika, mpaka mutalipereka kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale. Amene amagwira ntchito yokonza mabatire azisamba ndi kusintha zovala asananyamule mwana. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala.

Samalaninso ndi timabatire tozungulira ngati ndalama ta m'mawotchi, m'zidole ndi m'tizipangizo toyezera kutentha kwa thupi. Mwana akameza kamodzi n'kukakamira pammero, malovu amagwira ntchito ya kachikatoni konyowa ka Volta kaja, magetsi amayamba kuyenda, ndipo mmero ukhoza kupsa m'maola awiri okha. Musamusanzitse ndipo musadikire kuti muone ngati katuluka. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukauze adokotala chimene wameza.

Volta anasiyira dziko mulu wa tizitsulo wotalika ngati mkono, ndipo zidzukulu zake lero zili m'makontena ku Golomoti, m'thumba mwanu ndi pansi pa tebulo la wometa pa Malomo. Kukula ndi zitsulo zake zasintha, koma maziko ndi omwe aja: zinthu ziwiri zosiyana, chinthu chonyowa pakati, ndi waya. Mukapita kusikelo mwezi uno, funsani mavolontiya anzanu kuti ndi makomo angati m'mudzi mwanu amene ali ndi batire lakufa kuseri kwa nyumba, ndipo ndani amasewera pafupi nalo.